Chivomerezi chimodzi, ena kuthawa ena kugona: kodi ndi nthaka?

Mmisiri wa ku Mufakose:
Moni nonse akwathu. Ine ndimamanga nyumba. Bwana wina akufuna ndimumangire yosanja pa poloti ya m'mphepete mwa dambo, cha ku mtsinje wa Marimba. Ndakumba dzenje lolekeza m'chiuno, dothi lake makande okhaokha, ndipo pofika m'mawa madzi anali atalowamo.

Zandikumbutsa February 2006, usiku uja chivomerezi cha ku Machaze ku Mozambique chinafika kuno ku Harare. Tinkachita lendi kufupi ndi dambo. Makapu anagwa pa kabati, mayi a kunyumba n'kuthawira panja ndi chitenje chokha. Kutacha ndinafunsa achimwene anga a ku Epworth, kumiyala kuja, akuti iwo anagona mpaka tambala. Ndinangoti ndi mowa, poti iwo aja saukana. Koma mwina ndinawalakwira. Kodi nthaka ingasiyanitse chonchi? Nanga kuli mapu osonyeza kumene kumagwedezeka kwambiri?

Mwana wa a Phiri, woyeza nthaka:
Bambo, achimwene anuwo muwapepese pang'ono. Ikani phala m'mbale ina, nsima ya dzulo m'mbale ina, mugogode tebulo. Tebulo ndi limodzi, koma phala ndilo livine. Mafunde a chivomerezi amathamanga kwambiri m'thanthwe. Akalowa m'dothi lofewa amachepa liwiro, ndiye amatukumuka, n'kumabwererabwerera pakati pa thanthwe la pansi ndi pamwamba. Mu 1985 mzinda wa Mexico City unaphwasuka ndi chivomerezi chimene chinayambira mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo nyumba zambiri zinagwa kumene anamanga pa matope a nyanja yakale.

Mapu otero sajambulidwa muofesi ayi. Timayala tizipangizo tomva kugwedezeka pamzere, wina n'kumenya chitsulo pansi ndi hamala yaikulu, kompyuta n'kuwerengera liwiro la mafunde m'mamita 30 apamwamba. Nambala imeneyo timaitcha Vs30. Ikapitirira mamita 760 pa sekondi ndiye thanthwe, ikachepera 180 ndiye dothi lofewa zedi. Njira ina yotchipa n'kungosiya kachipangizo kamodzi pansi kwa theka la ola, kamvetsere kunjenjemera kwa nthaka kochokera ku magalimoto ndi mphepo. Mukatero malo mazanamazana, n'kuphatikiza ndi mapu a miyala, dera lililonse limapeza mtundu wake pa mapu.

Chimene chimandiwawa ine ndi mijigo. Harare yense wabooledwa, ndipo aliyense wokumba mjigo amadziwa kuti thanthwe analipeza pa mamita angati. Zikanati zizilembedwa pamodzi, bwenzi ntchito yafika patali.

NaBanda wa ku Highfield:
Ine sindidziwa za makompyutazo, koma ndinali ku Karonga kwa apongozi mu December 2009. Chivomerezi sichinali chimodzi, zinkangobwera kuyambira pa 6 mpaka chachikulu chija cha pa 19, ife tikugona panja mvula ili mkati. Kufupi ndi nyanja nthaka inang'ambika, mchenga ndi madzi kumatumphuka ngati kasupe. Nyumba ya apongozi ya njerwa zootcha inatseguka pa ngodya, dzanja kumalowa. Bambo mmisiri, dambo musalichepetse.

Mwana wa a Phiri, woyeza nthaka:
Zimenezo mayi zimachitika pa mchenga wosagwirana umene wakhuta madzi. Ukagwedezeka umasanduka ngati phala la madzimadzi, maziko n'kutitimira. Makande sachita choncho kwenikweni, iwo amangokuza kugwedezekako.

Gogo wa ku Mabvuku:
Ana inu mukuopseza mmisiri. Karonga ndi Salima zili m'chigwa cha nyanja mmene dziko likung'ambika, n'chifukwa chake cha ku Salima cha mu 1989 chinapha anthu. Harare wakhala pa mwala wakalekale. Zimene timamva kuno n'zobwera: za ku Mozambique, za ku Chipinge, za ku Kariba, kapena chija cha ku Botswana cha mu April 2017. Ndagwira ntchito ya zomangamanga mpaka tsitsi kuyera, ndipo ming'alu imene ndaona m'madambo muno si ya chivomerezi. Makande amafufuma dzinja, chilimwe n'kunyala, khoma limangotsatira. Musanathire simenti, bwanayo alipire injiniya ayeze dothilo, aonenso ngati malowo ngololedwa kumangapo, poti madambo ndiwo amamwetsa nyanja ya Chivero, kumene Harare amatunga madzi.

Mmisiri wa ku Mufakose:
Zikomo nonse. Agogo, bwanayo ndamuimbira, akuti injiniya ndi wodula ndipo oyandikana nawo anamanga osayeza. Ndamuuza kuti apite akaone yekha khoma la oyandikana nawowo, mbali ya kukhitchini. A Phiri, kachipangizo kanu kongomvetserako kamafuna ndalama zingati kuti mufike nako Loweruka?