Makolo onse ali bwino, koma ana awiri mwa atatu ali ndi sickle cell: nanga 1 mwa 4 ija ili kuti?

Wa Grade 12, Kapata

Moni nonse, akuluakulu ndi ophunzira anzanga. Ndikukonzekera mayeso a Biology a Grade 12, ndipo pa phunziro la momwe ana amatengera makolo awo pali mfundo imodzi yomwe yandizunguza mutu. M'kalasi tinajambula Punnett square, bokosi loonetsa zimene ana angatengere kwa makolo, ya makolo awiri omwe onse ndi AS, kutanthauza onyamula sickle cell koma osadwala, ndipo tinapeza kuti mwana mmodzi mwa anayi ndiye amakhala SS, kutanthauza wodwala sickle cell. Koma amayi anga aang'ono, omwe amakhala kumudzi cha ku Chadiza, ali ndi ana atatu, ndipo awiri mwa iwo anawapeza ndi matendawa kuchipatala, pomwe iwowo ndi amuna awo ndi anthu amphamvu omwe amalima mtedza ndi chimanga chaka ndi chaka osadwaladwala. Kodi buku likunama, kapena pabanjapa pali china chimene sitinaphunzire? Chachiwiri, akuchimuna akunena kuti matendawa anachokera kwathu kuchikazi, poti kwawo sikunaonekepo mwana wotere. Ndikupempha wodziwa andifotokozere mwatsatanetsatane, kuti ndikathe kuyankha pamayeso komanso kunyumba.

Mphunzitsi wa Biology, Katete

Mwana wanga, buku silikunama, ndipo pabanja la amayi ako aang'ono palibe chodabwitsa chimene chachitika. Vuto lili pa momwe ophunzira ambiri amawerengera bokosi lija. Punnett square sinena kuti mwa ana anayi alionse mmodzi adzadwala. Imanena kuti pa pathupi paliponse, mwayi woti mwanayo akhale SS ndi 1 mwa 4, ndipo pathupi pachiwiri sipadziwa chimene chinachitika pa pathupi poyamba. Dzira lililonse la mayi limatenga allele imodzi, kutanthauza mtundu umodzi wa gene, malangizo amene mwana amatengera kwa makolo, mwa ziwiri zimene mayiyo ali nazo, A yabwinobwino kapena S ya sickle cell, mbewu iliyonse ya bambo imachitanso chimodzimodzi, ndipo kukumana kwake kumayambira poyambira nthawi zonse.

Ana anga m'kalasi ndimawaonetsa zimenezi ndi nyemba. Tenga timatumba tiwiri, kamodzi ka mayi, kena ka bambo, ndipo m'kathumba kalikonse uikemo nyemba zofiira ndi zoyera zochuluka mofanana, zofiira zikhale A, zoyera zikhale S. Utseke maso, utole nyemba imodzi uku ndi imodzi uku, ulembe zimene zatuluka, kenako uzibwezere momwe unazichotsa. Ukatola katatu kokha, ukhoza kupeza zoyera zokhazokha kawiri, kapena osazipeza n'komwe. Koma kalasi yonse ikaphatikiza zimene yapeza, mpaka kufika mazanamazana, manambala amayandikira 1 AA, 2 AS, 1 SS. Masamu ake ndi awa: mwayi woti mwa ana atatu awiri akhale SS ndi 9 mwa 64, ndiye kuti pa mabanja 100 a ana atatu omwe makolo onse ndi AS, mabanja pafupifupi 14 adzaona zimene amayi ako aang'ono aona. Ngakhale banja la ana anayi, mwayi woti mmodzi yekha ndendende adwale ndi 108 mwa 256, womwe sukufika ndi theka lomwe.

Gregor Mendel, wansembe yemwe ankalima nsawawa (peas) m'dimba la nyumba ya ansembe mumzinda wa Brno ku Ulaya ndipo analengeza zimene anapeza mu 1865, anaiona 3 kwa 1 yotchuka ija, yomwe ndi 1 mwa 4 yomweyi, chifukwa choti ankawerenga mbewu zochuluka zedi. Pa nsawawa zosalala ndi zamakwinya anawerenga 5,474 ndi 1,850, ndipo pa zomera zazitali ndi zazifupi anapeza 787 ndi 277. Ngakhale pamenepo manambala sanagwe ndendende pa 3 kwa 1. Banja la anthu silingabereke ana masauzande, n'chifukwa chake sitiyembekezera kuti nyumba imodzi ifanane ndi bokosi la m'buku.

Pa nkhani ya akuchimuna ndilankhule mosapsatira, chifukwa amayi ambiri avutika nayo popanda mlandu. Mwana wa SS ali ndi S ziwiri, ndipo sizingatheke kuti zonse ziwiri zichokere kwa mayi, popeza ma gene amakhala pa timaulusi ta m'selo totchedwa ma chromosome, tomwe timakhala tiwiritiwiri, ndipo mayi amapereka chromosome imodzi yokha ya pa peyala iliyonse. Munthu ali ndi ma chromosome 46, 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo, ndipo gene yomwe tikukambayi, ya haemoglobin, chinthu chonyamula okosijeni m'maselo ofiira a magazi, ili pa chromosome 11. S imodzi inachokera kuchikazi, inayo inachokera kuchimuna. Kusaoneka kwa matendawa kwawo kukungosonyeza kuti onyamula S a m'banja mwawo ankakwatirana ndi anthu a AA, ndipo allele yotere ikhoza kuyenda mobisika mibadwo yambiri. Tisaiwalenso kuti kale ana ambiri ankamwalira ali aang'ono osapimidwa magazi, anthu n'kumangoti anali malungo kapena kuchepa kwa magazi.

Namwino wopuma pantchito, Petauke

Zikomo aphunzitsi, mwamasula bwino za masamu. Ine ndiwonjezereko za m'thupi, poti wophunzira akadziwa chimene chimachitika m'magazi saiwala zilembo za pabolodi.

Kusiyana kwa A ndi S n'kochepa kwambiri. Pa gene ija, pamalo pomwe DNA imayenera kuwerengeka GAG pamakhala GTG, ndipo chifukwa cha chilembo chimodzicho, pamalo achisanu ndi chimodzi a unyolo wa beta wa haemoglobin pamalowa kachidutswa kotchedwa valine m'malo mwa kotchedwa glutamic acid. Haemoglobin yotere ikapereka okosijeni wake imamatirana n'kupanga timitengo tolimba mkati mwa selo, ndipo selo lofiira, lomwe limayenera kukhala lobulungira ndi lofewa, limapindika ngati chikwakwa. Maselo opindikawo amatsekereza mitsempha ing'onoing'ono, ndiye ululu wa m'mafupa, m'chifuwa ndi m'mimba umene ana awa amalira nawo usiku wonse. Amafanso msanga, pakati pa masiku 10 ndi 20, pomwe selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120. Apa ndi pomwe pamachokera kuchepa kwa magazi ndi maso achikasu.

Chimene chimasokoneza makolo ambiri n'chakuti khanda la SS limabadwa looneka lathanzi. Miyezi yoyamba limatetezedwa ndi haemoglobin ya ukhanda, yotchedwa HbF, yomwe imachepa pang'onopang'ono, ndipo cha m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ndi pomwe zizindikiro zimayamba. Nthawi zambiri choyamba kuoneka ndi kutupa kwa timanja ndi timapazi, tizala tonse titafufuma, mwana osalola kuti umukhudze. Ndaonapo ana otere atabwera ndi mphini zatsopano pamapazi, agogo awo ataganiza kuti mwana waponda mankhwala. Sindiwanyoza agogowo, chifukwa mwana yemwe anali bwino dzana akayamba kutupa munthu amafunafuna chifukwa, koma chifukwa chake chinalipo kale kuyambira tsiku lomwe pathupi panakhala.

Mwanawe, uwauze amayi ako aang'ono kuti mwana wachitatuyo akapimidwenso, ndipo akafunse za kupima kotchedwa haemoglobin electrophoresis. Kupima wamba kwa sickling test kumangoonetsa kuti S ilipo, sikusiyanitsa AS ndi SS. Ana odwalawo azimwa madzi ambiri, azifunda bwino m'nyengo yozizira ya June ndi July, azigona mu neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha athamangire nawo kuchipatala tsiku lomwelo, popeza kapamba wawo amaonongeka msanga ndipo matenda a tizilombo amawagwira mwamphamvu. Madokotala amapereka folic acid, penicillin kwa ana aang'ono, komanso hydroxyurea yemwe amachulukitsanso HbF ija. Ana osamalidwa motere amakula, amaphunzira ndipo amagwira ntchito.

Wophunzira sayansi ku UNZA (University of Zambia), kwathu ku Mambwe

Ndikupempha aphunzitsi andilole kuwonjezera mfundo yomwe imagwetsa ambiri pamayeso. Timanena kuti matenda a sickle cell ndi recessive, kutanthauza kuti amaoneka pokhapokha munthu akakhala ndi S ziwiri, ndipo n'zoona tikayang'ana kudwala, popeza wa AS kawirikawiri sadwala. Koma tikayang'ana magazi enieniwo, munthu wa AS amapanga haemoglobin ya mitundu yonse iwiri, A ndi S, ndipo kumeneko ndi codominance. Choncho wophunzira awerenge bwino funso, aone ngati likufunsa za matenda kapena za haemoglobin.

Funso lomwe linkandisowetsa mtendere ine ndili ku sekondale ndi lakuti, ngati allele imeneyi imapha ana, bwanji sinathe yokha m'dziko? Yankho lake ndi malungo, ndipo mbali ina ya mbiri yake inalembedwa m'dziko lathu lino la Zambia. Dokotala wina dzina lake E. A. Beet, yemwe ankagwira ntchito ku Balovale, komwe lero timati Zambezi, analemba mu 1946 kuti tizilombo ta malungo tinkapezeka mocheperako mwa anthu omwe magazi awo anali ndi maselo opindika. Mu 1949 Beet yemweyo, komanso James Neel wa ku America payekha, anaonetsa kuti odwala amatengera allele kwa makolo onse awiri, pomwe onyamula amatengera kwa kholo limodzi. Kenako mu 1954 Anthony Allison anatsimikiza ndi kafukufuku wake kum'mawa kwa Africa kuti AS imateteza ku malungo oopsa a Plasmodium falciparum. M'dera la udzudzu wambiri ngati kwathu kuchigwa cha Luangwa, mwana wa AA akhoza kufa ndi malungo, wa SS akhoza kufa ndi sickle cell, koma wa AS amakhala ndi mwayi wokulirapo wofika pa msinkhu wobereka, ndipo akabereka amaipereka S ija kwa theka la ana ake mwa avereji. Izi sizikutanthauza kuti wa AS sadwala malungo, ndipo wa SS malungo amamuika pangozi yaikulu kwambiri.

Pali chinanso chomwe ife a kuno kum'mawa tiyenera kukambirana poyera, ndicho ukwati wa pachisuweni, womwe makolo athu Achewa ankaulola. Asuweni enieni, ana a mlongo ndi mlongo wake, amafanana pa gawo limodzi mwa magawo 8 a ma gene awo chifukwa agogo awo ndi amodzi, choncho allele yobisika ya agogo ikhoza kutsikira mbali zonse ziwiri n'kukakumana mwa mdzukulutuvi. Komabe S ndi yofala kwambiri kuno kotero kuti anthu osadziwana n'komwe, wina wa ku Lundazi wina wa ku Nyimba, akhoza kukhala onse AS. Kusiyana mfunda, wina Phiri wina Banda, sikutsimikizira chilichonse. Mwambo wachichewa umawerengera mwana ku mbumba ya amayi ake, Angoni amamuwerengera kwa abambo ake, koma ma chromosome amabwera theka uku theka uku. Zomwe zimatsata mzere umodzi ndi DNA ya mu mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, yomwe mwana aliyense amatengera kwa mayi yekha, ndi chromosome Y, yomwe imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Gene ya sickle cell sili pa ziwirizi.

Wa Grade 12, Kapata

Zikomo kwambiri aphunzitsi, amayi anamwino ndi achimwene a ku UNZA. Ndatsala ndi funso limodzi. Mwana wachitatu uja, yemwe sadwala, ndi mtsikana. Kodi ndinene kuti mwayi woti ndi AS ndi theka, monga bokosi likuonetsera? Ndipo odwala aja akadzakula n'kukwatira, ana awo onse adzadwala?

Mphunzitsi wa Biology, Katete

Si theka, mwana wanga, ndipo funso limeneli ndi lomwe limasiyanitsa woloweza ndi womvetsa. Mwana asanabadwe, mabokosi onse anayi amakhala otseguka, ndipo AS ndi 2 mwa 4. Koma ngati kupima kwatsimikiza kuti mtsikanayu si SS, bokosi la SS lachoka, kwatsala atatu: AA limodzi ndi AS awiri. Choncho mwayi woti ndi wonyamula ndi 2 mwa 3. Kukhala mtsikana kapena mnyamata sikusintha kanthu pano, popeza chromosome 11 si X kapena Y, omwe amasiyanitsa mtsikana ndi mnyamata. Zikanakhala haemophilia, matenda oti magazi sasiya kutuluka msanga, kapena vuto losasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira, zomwe gene yake ili pa X, bwenzi tikulankhula zina, chifukwa zimenezo zimaoneka kwambiri mwa anyamata.

Za odwalawo, zonse zidalira yemwe adzakwatirane naye. Wa SS akakwatirana ndi wa AA, ana onse adzakhala AS, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadwale matendawa. Akakwatirana ndi wa AS, mwayi wa SS pa pathupi paliponse ndi 1 mwa 2. Akakwatirana SS okhaokha, ana onse adzakhala SS. Jambula mabokosi atatuwa wekha m'kope, ulembe ma genotype (AA, AS kapena SS) a makolo pamwamba, ma gamete (dzira ndi mbewu ya bambo) uwazunguze ndi mzere, kenako ulembe ma genotype ndi ma phenotype (wodwala kapena wosadwala) a ana pamodzi ndi ratio yake, chifukwa ochonga mayeso amapereka malikisi pa sitepe iliyonse. Ukamaliza uwatumize pano ndiwaone.