Zitosi za mileme za kudenga la tchalitchi: ndithire kudimba kapena nditaye?

A Jere, Ntcheu

Abale, ndigawireniko nzeru. Milungu iwiri yapitayi tinali ndi chitukuko ku tchalitchi kwathu, kugwetsa siling'i yomwe inayamba kulendewera mbali imene kumakhala kwaya. Titangozula bolodi loyamba, zitosi za mileme zinatikhuthukira m'mutu, zakuda bii ngati mpunga wopserera, fungo lake lotsamwitsa ngati mkodzo wogonera. Tchalitchichi chinamangidwa ine ndili mnyamata, ndipo chimangire palibe anakwerako kudengako. Tinadzaza matumba 6, aja a feteleza.

Ine ndili ndi dimba la tomato ndi mpiru kudambo, ndipo mtengo wa feteleza mukuudziwa nokha. Matumbawo ndinawatengera kunyumba, ali pakhonde. Mayi akunyumba akuti ndikatayire kudzenje chifukwa zinthu za mileme sizilowa pakhomo pa munthu. Ine mtima ukukana, poti ndinamva pawailesi kuti kunja anthu amachita kugula zimenezi. Kodi anthu ophunzira anafufuzapo chiyani? China chikundidetsa nkhawa n'chakuti mphwanga amene anakwera kudengako kukakokolola ndi fosholo wayamba kutsokomola ndi kutentha thupi usiku. Akulu ampingo ena akuti tigule mankhwala tipopere mileme yonse ife.

Mlangizi Wopuma, Dedza

A Jere, musataye, mwatola chuma. Tengani kachitosi kamodzi mukatikite ndi kamtengo. Kakanyenyeka ngati ufa n'kuoneka tinthu tonyezimira, amenewo ndi mapiko ndi miyendo ya tizilombo, ndiye kuti mileme yanu ndi yodya tizilombo. Cha khoswe chimakhala cholimba, sichinyenyeka chotero. Zitosi za mileme yodya tizilombo zimakhala ndi nayitirojeni wambiri kuposa ndowe za ng'ombe kapena za mbuzi, komanso muli fosifolasi. Sizifika pa urea, amene ali ndi magawo 46 pa 100, koma pa manyowa zili patsogolo. Ku Madagascar kuli kampani yotchedwa Guanomad yomwe ntchito yake ndi yomweyi, kufukula zitosi m'mapanga n'kumagulitsa ngati feteleza.

Chenjezo langa n'lakuti n'zaukali, mukathira pafupi ndi tsinde la tomato zitentha mizu. Zisakanizeni ndi zinyalala za mbewu ndi ndowe pa mulu wa kompositi, muzithirira madzi, ziwolerane kaye. Mphamvu yake imasiyana malinga ndi zaka zomwe zakhala komanso ngati zinkanyowa ndi denga lodontha, choncho mukafuna kudziwa zenizeni tumizani pang'ono kumalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze akaziyeze. Apo ayi, yesani mizere iwiri yokha muyerekeze ndi inayo.

Nabanda, wa zachipatala

Bambo, za dimba zidikire kaye. Mphwanuyo apite kuchipatala mawa lomwe, ndipo akafika akanene mosabisa kuti anapuma fumbi la zitosi za mileme. Mawu amenewo ndi ofunika kwambiri kwa dokotala.

M'zitosi za mileme ndi za mbalame zomwe zaunjikana zaka zambiri mumamera chuku chotchedwa Histoplasma. Munthu akatakasa zitosi zouma, njere zake zosaoneka ndi maso zimauluka ndi fumbi n'kulowa m'mapapo. Matendawa anayamba kuwafotokoza ndi dokotala Samuel Darling ku Panama m'chaka cha 1906. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 17, ndiye masiku a mphwanuyo akugwirizana. Anthu ambiri athanzi amachira okha, ena osadziwa n'komwe kuti anadwala, ndipo sapatsirana munthu ndi munthu. Koma kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, makamaka amene ali ndi HIV koma sali pa ma ARV, chukuchi chimafalikira thupi lonse ndipo chimapha.

Chimandipweteka mtima n'chakuti matendawa amafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu cha TB: chifuwa, kuonda, thukuta la usiku. Munthu akhoza kuyezedwa makhololo osapezeka kanthu, n'kupatsidwabe mankhwala a TB, chikhalirecho vuto ndi chuku, chimene mankhwala ake ndi ena, itraconazole kapena amphotericin B. Sindikunena kuti mphwanuyo ndi zimenezo, mwina ndi malungo kapena chimfine, koma akamuyeze.

Matumbawo muwachotse pakhonde pomwe ana amasewera. Musanagwire, wazani madzi mpaka fumbi lithe, muvale masiki ya N95, osati kansalu. Ndipo mleme wamoyo kapena wakufa osaugwira ndi manja.

Chisale wa ku yunivesite

A Jere, ine ndikufuna kuchonderera za kupoperazo. Ndikuphunzira za zamoyo, ndipo zitosi zimene mukufuna kutayazo akatswiri amaziwerenga ngati kalata.

Masiku ano amatenga kachitosi kamodzi n'kuunika DNA, chizindikiro chachibadwa cha chamoyo chilichonse, ya zonse zomwe mleme unadya usiku umenewo, osaugwira n'komwe mlemewo. Ku Limpopo m'dziko la South Africa, m'minda ya makademiya, a Peter Taylor ndi anzawo a ku University of Venda anapeza motero kuti mileme imadya tizilombo tonunkha tomwe timaboola mtedzawo. Ku Madagascar anapeza mileme ikudya tizilombo toononga mpunga. Ku Texas anapeza kuti imasaka agulugufe ausiku amene amaikira mazira a mbozi za m'chimanga, kuphatikizapo fall armyworm, yomwe inalowa mu Africa m'chaka cha 2016 n'kutisautsa kuno. Kafukufuku wina wa mu 2011 anawerengera kuti mileme imapulumutsira alimi a ku United States ndalama zosachepera madola 3.7 biliyoni pachaka. Mileme ya kudenga kwanuyo madzulo imakadya kuti? Pamwamba pa minda yanu yomweyo.

Kafukufuku amene amandisangalatsa kwambiri ndi wa ku Jamaica. M'phanga lina la kutali ndi anthu anapeza mulu wa zitosi wozama mamita 2, wounjikana kwa zaka 4,300. Akatswiri a ku University of Ottawa anaudula m'magawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, gawo lililonse zaka zake. Anatha kuona nthawi imene mileme inkadya zipatso kwambiri kuposa tizilombo, zomwe zimasonyeza kusintha kwa nyengo. Anaona chizindikiro cha nthawi imene nzimbe zinayamba kulimidwa pachilumbacho. Pafupi ndi pamwamba anapeza mtovu wochokera ku petulo wakale uja, komanso zotsalira za mabomba a nyukiliya amene mayiko ankayesa m'mlengalenga cha m'ma 1950 ndi 1960. Zonsezo m'zitosi! Nditawerenga ndinaganiza za mapanga athu kuno, kuti mwina nawonso akusunga mbiri ya chilala ndi mvula ya makolo athu.

Mankhwala musapopere. Mudzapha mileme, idzawolera kudengako, poizoniyo mudzapuma ndinu Lamulungu, kenako ina idzabwera chifukwa mabowo adakalipo. Njira yake ndi kuona madzulo pomwe imatulukira, kutseka mabowo ena onse, n'kuika pa bowo lalikulu kapaipi kapena neti yolola kutuluka koma osabwerera. Musachite m'nyengo ya dzinja pomwe ili ndi ana osauluka. Ku Lilongwe kuli bungwe la African Bat Conservation, limathandiza anthu pa zimenezi.

A Jere, Ntcheu

Zikomo nonse. Mayi Nabanda, mphwanga ndinapita naye m'mawa uno panjinga yamoto. Malungo sanamupeze, atenga makhololo ndipo za fumbilo ndinanena ndekha, adokotala analemba m'buku lake. Atiuza kuti tibwerere Lachinayi. Ndauzanso anyamata ena atatu amene anali naye kudengako kuti asadikire kudwalika.

Matumba ndawasamutsira kudimba, ndawathira madzi ndi kuphimba ndi pulasitiki. Ndinatikita kamodzi monga munanenera a Mlangizi, konyowa, ndipo timapiko tonyezimira tinaoneka. Achimwene a Chisale, nkhani yanu ndikaifotokoza ku msonkhano wa akulu ampingo Loweruka. Ndiuzeni kukula kwa kapaipi kaja, ndipo kakhale pabowopo masiku angati tisanatseke ndi simenti?