Kudula chithunzi mu Inkscape, ndithandizeni abale

Che Bwanali_Mpondasi:
Abale ndili ndi kantchito ka poster ya chinkhoswe cha mlongo wanga, chithunzi anajambulitsa pa mlatho wa Bakili Muluzi koma kumbuyo kwalowa njinga ya kabaza ndi mayi wina wa usipa, ndikufuna atsale awiriwo basi. Mu Inkscape, pulogalamu yojambulira pa kompyuta ija, crop (podulira chithunzi) sindikuyiona paliponse, ndasakasaka mpaka mutu kuwawa. Amatani?

Dada Fatu:
Achimwene mu Inkscape sadula ngati pa foni. Jambulani bokosi kapena circle pamwamba pa chithunzicho pomwe mukufuna patsalepo, musankhe zonse ziwiri ndi Shift, kenako pa menu dinani Object, Clip, Set Clip. Koma bokosilo likhale PAMWAMBA, ine tsiku loyamba ndinaliika pansi nkumadabwa bwanji zikungosokonekera kkkk

Mjomba wa ku Namwera:
Zoona zimenezo koma dziwani kuti clip imangobisa, sichotsa. Njinga ija ikadali mkatimo, mukapanga Release Clip ibweranso ndi mayi wausipayo, ndipo fayilo imalemerabe chimodzimodzi. Ine ndimayamba ndadula mu GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, kenako nkulowetsa mu Inkscape. Ma printa ambiri pa Boma amakonda pulogalamu ya CorelDRAW, kumeneko clip amati PowerClip, ndiye mukawapatsa SVG, fayilo ya Inkscape ija, ena amangokuyang'anani, atumizireni PDF. Ndipo chithunzicho musachitenge cha pa WhatsApp chija chofinyidwa, auzeni ojambulawo atumize ngati document, apo ayi pa A3 nkhope zituluka timabokosi timabokosi.

Che Bwanali_Mpondasi:
Eee zatheka, ndaika mu circle zakongola heavy. Koma chithunzi nchapa WhatsApp chomwecho, wojambulayo foni yake yazima kuyambira m'mawa, magetsi kulibe kwawoko.