Zija ndinafunsa za ma ARV kuno ku Joni

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati mlamu wanga, wongofika kumene kuchokera ku Mangochi, angalandire ma ARV kuno ku Johannesburg, poti anatsala ndi mapilisi a sabata imodzi yokha. Zatheka.

Tinapita ku kiliniki ina ya boma cha ku Yeoville. Anamuyezanso magazi ngakhale anali ndi buku lake lachipatala la kumudzi, kenako n'kumupatsa TLD, mankhwala omwe aja ankamwa kwathu. Sitinalipire kanthu. Chotopetsa ndi mzere basi. Tinafika kusanache, tinatuluka masana.

Nane ndinayezetsa pompo, nditazengereza zaka zitatu zathunthu, manyazi enieni. Nesi anandikumbutsa kuti chiyambire 2016, ukapezeka ndi kachilombo ka HIV umayamba mankhwala osadikira kuti CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, itsike.