Atibweretsera pologalamu yokonzeratu, akuti tiiulutse ngati nkhani

Mkonzi wa mapologalamu, Mangochi Boma

Anzanga a pa wailesi, ndithandizeni maganizo. Lolemba kunabwera mnyamata wochokera ku ofesi ina ya ku Blantyre, aja amene ntchito yawo ndi kukometsa mbiri ya makampani. Anasiya fulashi ndi kalata. M'fulashimo muli pologalamu ya mphindi 15 ya kampani ina yakunja yomwe ili ndi nthambi m'maiko ambiri. Dzina sinditchula. Akufuna iuluke Lachisanu lililonse kwa mwezi wathunthu, nkhani za madzulo zikangotha. Ndalama yake ikhoza kutigulira dizilo wa jenereta kwa miyezi iwiri. Koma aikapo mfundo ziwiri: tisanene kuti ndi yolipiridwa, ndipo mawu otsegulira ndi otsekera awerenge mtsikana wathu amene amawerenga nkhani tsiku ndi tsiku.

Ndaimvera katatu. Ikukamba za mjigo womwe anakumba pamudzi wina wa asodzi, njira ya ku Makanjira. Ana akuimba, amfumu akuthokoza, mayi wina akuti tsopano matenda otsekula m'mimba atha, kenaka mawu okoma akuti kampaniyo ndi anthu a kunyanja ndi banja limodzi. Tsoka lake mudziwo ndimaudziwa, ndi kwawo kwa mayi a kunyumba kwanga. Ndinali komweko mwezi watha. Mjigowo unafa mu Juni. Chogwirira anachimanga ndi linya kuti ana asamaseweretse, m'ngalande ya simenti mwamera udzu, ndipo mbuzi ndi zomwe zimagona pamenepo masana. Chotsala chowala ndi chikwangwani cha kampani basi. Mayi amene akuyamika m'pologalamuyo ndinakumana nawo atasenza ndowa kuchokera kunyanja.

Ndife tomwe tinkalengeza maliro nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Mtima ukukana. Koma anyamata sanalandire kangachepe kawo miyezi iwiri. Ndipange bwanji?

Wa zamalonda, Monkey Bay

Achimwene, ndalamayo musathamangire kuikana. Wailesi ya m'dera ikakana malonda imatseka, ndiye anthu a ku Makanjira omwewo asowa pomvera mitengo ya usipa ndi chenjezo la mwera. Chofunika ndi kudziwa chomwe mukugulitsa. Nthawi ya pa wailesi ndi yogulitsa, ili pa mndandanda wa mitengo. Mawu a wowerenga nkhani sali pamndandandawo. Ife kuno timaika jingo (kanyimbo kachidule kokhala ndi uthenga) kumayambiriro, pakati ndi kumapeto yonena kuti pologalamuyi yakufikirani ndi thandizo la akutiakuti, ndipo timaipatsa ola lake, kutali ndi nkhani. Wofuna abwere, wosafuna apite. Ambiri amayamba akana, kenaka amabwerera okha chifukwa lipoti lawo likufuna manambala.

Mkonzi wopuma, Mpondasi

Mwana wanga, zimene wakumana nazozi ndi zakale kuposa wailesi. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani yomwe inadzatchedwa African Lakes, ija makolo athu anaipatsa dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi a John Moir. Sitima zake zinkadutsa pa Shire pompano kulowa m'nyanja. Nkhani yomwe inkauza anthu kwawo inali yoti malonda abwino ndi Chikhristu zithetsa ukapolo. Mawuwo ankakopa anthu opemphera kuikamo ndalama. Koma minyanga ya njovu inkagula kwa amalonda omwewo amene ankagulitsanso anthu, mpaka pomwe inadzamenyana ndi Mlozi ku Karonga kuyambira 1887. Mbali yoyambayo ndi yomwe inkanenedwa mokweza, yachiwiriyo ayi.

Bwera chakuno. Ukukumbukira malo omwetsera mafuta a BP tisanayambe kuona a Puma? Mu 2000 kampani imeneyi inasintha chizindikiro chake kukhala ngati duwa lobiriwira ndi lachikasu, n'kumati zilembo zake ziwirizo tsopano zikuimira Beyond Petroleum, kunena kuti yayamba kuyang'ana kutsogolo kupitirira mafuta. Inaikadi ndalama zina pa magetsi a dzuwa, koma chuma chake chenicheni chinali mafuta ndi gasi monga kale. Mu Epulo 2010 chitsime chake cha pansi pa nyanja ku Gulf of Mexico chinaphulika, anthu 11 anafa, mafuta anatayikira m'madzi masiku 87.

Chimene ndaphunzira pa zaka zanga m'ntchito ino n'chakuti makampani akuluakuluwa kawirikawiri sanama bodza lamkunkhuniza. Amadziwa kuti angagwidwe. Iwo amasankha poyambira nkhani ndi pothera. Mjigo wakowo anakumbadi. Mayiwo anayamikadi. Nkhani yawo yathera tsiku lodula riboni, pomwe moyo wa mudziwo unapitirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yathu ndi kung'amba mkuyuwo tisanaupereke kwa omvera.

Mtolankhani, Namwera

Madala anena zoona, ndipo ndiwonjezerepo poti ndinagwirapo ntchito chaka chimodzi ku ofesi ya mtundu umenewu ndisanabwerere kwathu. Ndikuuzeni m'mene zimapangidwira.

Mawu sayambira ku Blantyre. Amachokera ku likulu, kaya ndi ku London, kaya ku Johannesburg, atalembedwa pa pepala limodzi: uthenga waukulu umodzi, timauthenga titatu pansi pake. Dziko lililonse limauzidwa kuti lipeze nkhope ndi mawu oti zigwirizane ndi pepalalo. Ndiye sitinkapita kumudzi kukafunsa kuti kuno kukuchitika chiyani. Tinkapita kukafuna munthu woti anene chiganizo chomwe tili nacho kale m'chikwama. Tsiku lake limakhala lomwe lija lopereka mphatso. M'mawa mumagawa zitenje ndi matisheti, ana mumawaphunzitsa nyimbo pansi pa mtengo, kenaka mumafunsa mayi kuti, mayi, mjigowu wasintha moyo wanu eti? Munthu wavala chitenje chanu, amfumu ali pompo, ayankha chiyani? Akalankhula mphindi zisanu, mumadulapo masekondi khumi. Ine ndinadulapo mawu a agogo ena omwe anamaliza ndi kufunsa kuti ukawonongeka akonze ndani. Funso limenelo linatsala pakompyuta yanga. Mpaka lero limandiwawa.

Mumve ngakhale Chichewa chake. Mawu ngati kupatsa amayi mphamvu, kuyenda limodzi ndi madera, palibe munthu wa pa dooko amene amayankhula choncho. Anachita kutembenuza.

Tsono chifukwa chomwe akukanira jingo ndi ichi. M'malipoti awo amasiyanitsa zomwe alipira ndi zomwe atolankhani anena okha, ndipo zachiwirizi ndi zomwe zimalemera. Akajambula pologalamuyo ikuuluka ndi mawu a mtsikana wanu, adzalemba kuti wailesi ya m'deralo yachitira umboni. Zimenezo zimakalowa m'buku la pachaka lomwe amaonetsa eni masheya, mabanki, ndi akuluakulu a boma pomwe akupempha chilolezo kapena kuchotseredwa msonkho. Womvera wa ku Makanjira si amene akumufuna kwenikweni.

Ndi njira yomwe ija makampani a mkaka wa m'chitini ankagwiritsa m'zaka za m'ma 1970, kuveka ogulitsa awo yunifolomu ngati anamwino kuti amayi m'zipatala awakhulupirire. Anthu atakwiya anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, imodzi mwa makampaniwo, mu 1977, ndipo mu 1981 bungwe la WHO linakhazikitsa malamulo a kagulitsidwe ka mkaka woterewu. Kwa inu yunifolomuyo ndi mawu a wowerenga nkhani.

Mkonzi wa mapologalamu, Mangochi Boma

Achemwali, mwanditsegula maso pa nkhani ya mawuyi. Ine ndimaona ngati angokonda kawerengedwe kake. Koma abwana anga akuti tikavuta apita ku wailesi ina, ndipo mawa akufuna yankho.

Wa pologalamu ya zaumoyo, Chilipa

Ine ndiima penapake posiyana pang'ono. Tisathamangire kuipachika kampaniyo. Mijigo yambiri kuno ndi ya mtundu wa Afridev, yomwe anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuikonza okha. Timalabala ta mkati timatha, ndipo komiti ya mjigo imayenera kusonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi zogulira zina. Ndaona midzi yambiri yomwe komiti inatha chifukwa msungichuma anadya za m'bokosi, kapena asodzi obwera nyengo ya usipa amatunga osasonkha. Mwina ndi zomwe zachitika. Funso ndi loti, pokumba anaphunzitsa komiti? Anasiya masipanala? Anauza a zamadzi ku khonsolo kuti mjigowo ulowe m'kaundula? Ngati anachita zonsezi, mlandu suli kwa iwo okha. Ngati anangokumba, kujambula n'kumapita, nkhani ndi imeneyo. Musanadziwe, musaulutse za kuyamika, musaulutsenso za kunyoza.

Mkonzi wopuma, Mpondasi

Amayi a ku Chilipa akutsina khutu bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imbira wapampando wa komiti lero lomwe, upitenso ku ofesi ya zamadzi. Akazengereza, kumbukira kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linavomerezedwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2020, ukhoza kupempha polemba kalata. Kwa abwana ako usapite ndi mtima wokha, pita ndi pepala. Malamulo a Media Council of Malawi amafuna kuti malonda asiyanitsidwe ndi nkhani, ndipo laisensi yochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, ili m'dzina la wailesi yanu. Womvera akadandaula, woyankha ndi iwo abwanawo, mnyamata wa fulashi uja adzakhala ali ku Blantyre.

Wa zamalonda, Monkey Bay

Ndipo polankhula nawo musayambe ndi kuwatsutsa. Auzeni kuti mukuwateteza. Pologalamuyi ikauluka momwe ilili, Loweruka m'mawa mafoni a pa pologalamu ya omvera adzalira, ndipo woyamba adzakhala wa mudzi womwewo. Kuno anthu amadziwana. Pemphani kuti kalata yanu ifike kwa mkulu wa kampaniyo mwini wake, isathere pa ofesi ya pakatiyo. Nthawi zambiri eni akewo sadziwa n'komwe kuti chinthu chawo chinafa, chifukwa amene anapatsidwa kontilakiti anatseka fayilo kalekale. Muikemonso m'pangano kuti kugula nthawi sikuletsa atolankhani anu kulemba za kampaniyo. Chiganizo chimodzi chokha, koma chidzakuthandizani kutsogolo.

Mtolankhani, Namwera

Musaiwale mayi aja. Anavomera kujambulidwa tsiku lachisangalalo, sanavomere kuti mawu awo amveke lero akutunganso kunyanja. Anzawo pa dooko adzawanena kuti anadya ndalama za azungu. Afunseni kaye.

Mkonzi wa mapologalamu, Mangochi Boma

Ndabwera kudzakuuzani momwe zathera. Wapampando wa komiti akuti maphunziro anachitika a tsiku limodzi, koma masipanala sanasiyidwe, ndipo awiri mwa omwe anaphunzira anasamukira ku Mozambique kukapha nsomba. M'bokosi muli kandalama kochepa. Akuti vuto si timalabala tokha, ndodo ina inaduka n'kugwera pansi. Ku khonsolo mjigowo mulibe m'kaundula wawo.

Abwana atawerenga za laisensi anafewa. Tinalemba kalata monga munanenera. A ku Blantyre anakwiya poyamba, akuti sitikudziwa bizinesi. Patapita masiku awiri anaimba mayi wina wa ku kampaniko mwini wake. Anadabwa kwambiri, akuti lipoti lomwe ali nalo likunena kuti mjigo ukugwira ntchito. Jingo avomera. Mawu otsegulira awerenga munthu wawo. Koma adula, iuluka kawiri m'malo mwa kanayi, ndiye dizilo ndi wa mwezi umodzi. Mfundo yoti atolankhani athu ali ndi ufulu wolemba za iwo akuti akafunse kaye maloya awo, ndipo ine sindisaina asanayankhe.

Mayi aja ndinawaimbira kudzera pa foni ya mlamu wanga. Akuti mawu akalewo tichotse. Madzi akayambanso kutuluka adzayankhula okha, m'Chiyao, ndipo adzanena zonse, ndi miyezi yomwe akhala akutunga kunyanja yomwe. A kampani ndawauza choncho.

Akuti alipira makaniko, koma akufuna mtengo wolembedwa pofika Lachinayi. Amayi a ku Chilipa, ndani amene amadziwa kuvuula ndodo yogwera pansi chakuno ku Malindi kapena ku Lungwena? Nditumizireni kumbali, ndinyamuka m'mawa ndi minibasi yoyamba.