Kusamutsira FreeBSD pa khadi ya Xeon Phi 5110P: ndiyambire pati?

Kachingwe: Moni nonse. Miyezi iwiri yapitayo ndinagula khadi ya Intel Xeon Phi 5110P yogwirapo kale ntchito (khadi yokhala ndi purosesa yakeyake yomwe imalumikizidwa m'kati mwa kompyuta), ndipo tsopano ikuyenda bwino ndi Linux yomwe imabwera mu MPSS, mapulogalamu a Intel oyendetsera khadiyi. Poyamba inkazima pakangopita mphindi zochepa, chifukwa imadya mawati 225 koma ilibe fani yakeyake, mpaka ndinamangirira fani ya seva kumbuyo kwake ndi katoni yolondolera mphepo. Chomwe ndikufuna ndi kuyendetsa operating system ya FreeBSD m'kati mwa khadiyo. Popeza ma core ake 60 ndi a x86 ya 64-bit, ndikuganiza kuti kernel (mtima wa operating system) ya amd64, ya ma PC wamba a 64-bit, ingofunika kusinthidwa pang'ono. Kodi ndikulakwitsa?

Mlonda_wa_Seva: Pamenepo mpomwe ambiri amakodwa, achimwene. Khadi imeneyi, yomwe Intel inatulutsa mu 2012 ndi dzina loti Knights Corner, ma core ake anachokera ku Pentium yakale ya P54C, kenako anawakulitsa kukhala a 64-bit n'kuwonjezera mbali ya vector ya 512-bit yomwe ili ndi malamulo akeake. Alibe magulu a malamulo a SSE ndi MMX, ngakhalenso CMOV, lamulo lomwe compiler iliyonse ya amd64 imalemba mosafunsa. MFENCE ndi PAUSE kulibenso, pomwe kernel imadalira malamulo awiriwa pa maloko ake, omwe amaletsa ma core kusintha chinthu chimodzi nthawi imodzi. Nchifukwa chake mafayilo a mapulogalamu (a ELF) a khadiyi ali ndi chizindikiro chawochawo cha k1om.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti khadiyi si PC. Malamulo a IN ndi OUT, olankhulira ndi madoko a zipangizo, sagwira ntchito, choncho doko la serial la 0x3F8 lomwe mukanalidalira kuti muone uthenga woyamba palibe. Mndandanda wa ma core simuupeza m'matebulo a ACPI monga pa PC koma m'matebulo a SFI. Kompyuta yomwe mwalumikizamo khadiyo ndiyo imalemba kernel mu memory ya GDDR5 kudzera pa PCIe, n'kudzutsa core yoyamba. Langizo langa ndi lakuti muiwale kaye za ma core 59 otsalawo. Lembani kapulogalamu kakang'ono kongoika chilembo chimodzi pamalo odziwika mu memory, ndipo muchiwerenge kuchokera ku kompyuta yaikuluyo. Chilembocho chikaoneka, ndiye kuti mwadziwa mmene khadi imadzukira, ndipo mukhoza kukhudza locore.S, fayilo yomwe kernel ya FreeBSD imayambira.

Nyenje: Ndikugwirizana ndi zomwe zanenedwazi, koma ndionjezere nkhani ya zida. FreeBSD imamangidwa ndi Clang, yomwe siidziwa k1om. GCC ya mu MPSS imatha kumanga kernel koma siitulutsa yokha malamulo a vector. Ntchito imeneyo inkachitidwa ndi compiler ya Intel pogwiritsa ntchito -mmic. Kumbukiraninso kuti XSAVE, lamulo losungira ma register, kulibe, choncho ma register 32 a zmm ndi 8 a mask muyenera kuwasunga nokha nthawi iliyonse kernel ikamasintha pulogalamu yomwe ikuyenda.

Samalani ndi laisensi. Zosintha za Intel pa Linux 2.6.38 zili pansi pa GPL, ndiye ziwerengeni kuti mumvetse khalidwe la khadiyo, koma musazikopere mu FreeBSD. Barrelfish, operating system ya ku yunivesite ya ETH Zurich, inasamutsidwira kale pa khadi yomweyi, ndipo laisensi yake ndi ya MIT. Code yake yodzutsira khadi ndi yaifupi, ndipo ine ndikanayambira kuwerenga kumeneko.

Chisa_cha_Njuchi: Ine nkhawa yanga ili pa zomwe zidzachitike ma core onse akadzuka. Core iliyonse ili ndi ma thread anayi, kutanthauza kuti scheduler idzaona ma CPU 240, aliyense woyenda pang'onopang'ono pa 1.05 GHz, onse olumikizidwa ndi ring imodzi. Loko imodzi ikamalimbiranidwa ndi ma thread ochuluka chotero, cache line yake imangozungulira pa ring ntchito itaima. Chimodzimodzinso pulogalamu ya ma thread ambiri ikamasula tsamba limodzi la memory, kernel iyenera kutumiza interrupt kwa onse kuti ayeretse TLB (posungira ma adilesi a memory mwachangu), n'kudikira mpaka womaliza ayankhe. Apa mpomwe FreeBSD ingaphunzirepo kanthu kothandiza ngakhale pa maseva amakono, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ndikuiona yaphindu ngakhale khadiyo inasiya kupangidwa. Dziwaninso kuti driver ya mic, yomwe kompyuta yaikulu imalankhulira ndi khadiyi, inachotsedwa mu Linux 5.10 mu 2020, choncho kompyuta yaikulu muisiye pa Linux yakale yomwe MPSS ikuyendapo kale.

Kachingwe: Zikomo kwambiri nonse, za IN ndi OUT sindinaziganizire n'komwe. Ndayamba kuwerenga code ya Barrelfish, ndipo Loweruka ndiyesa kachilembo kamodzi kaja. A Nyenje, kodi mukuona kuti n'kwabwino kumanga kernel yokha ndi GCC ya MPSS, kapena ndiyese kuletsa CMOV ndi SSE mu Clang kenako n'kusintha chizindikiro cha ELF pamanja?