Thandizeni: kusintha kwa nyengo ndi nsomba zothawa adani

Moni nonse pagulu pano, abale ndi alongo a ku Joni.

Mwana wanga ali Grade 11 kuno ku Rosettenville, ndipo wapatsidwa ntchito ya Life Sciences yofotokoza momwe kusintha kwa nyengo kukusokonezera nsomba pozindikira ndi kuthawa adani. Takakamira.

Pa intaneti tapeza kuti mu 2010 a Danielle Dixson ndi a Philip Munday a ku James Cook University, ku Australia, analemba kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka m'nyanja yamchere, tiana ta nsomba zotchedwa clownfish timasiya kuopa fungo la nsomba zolusa, mwinanso kumalilondola. Koma mu 2020 gulu la a Timothy Clark linayesanso zomwezo pa mitundu ina ya nsomba za m'nyanja yamchere n'kulemba mu Nature kuti silinaone kusintha koteroko. Nanga mwana atsate ziti? Aphunzitsi angoti alembe mbali zonse ziwiri, koma ine sizikundikhutiritsa. Ku laibulale tapezako mabuku akale okhaokha.

Chomwe chikumveka n'chakuti madzi akatentha amasunga okosijeni wochepa, ndiye nsomba yothamangitsidwa imatopa msanga.

Mwanayu mtima uli kwathu ku Nkhotakota, akufuna alembe za usipa ndi ncheni. Mvula yamphamvu ikagwa, mtsinje wa Bua umatsitsa matope, madzi a m'mbali mwa nyanja n'kuda bii. Kodi pamenepo usipa umaona ncheni mochedwa, kapena ncheniyo ndi imene imasowa chogwira?

Alipo anaphunzira za nsomba ku Bunda, kapena anagwirapo ntchito ya kafukufuku ku Monkey Bay? Chonde tiuzeni ngati zotsatira za ku nyanja yamchere zingagwire pa nyanja ya Malawi. Mwanayu akupereka ntchitoyi Lolemba.